ZA UMOYO WA BANJA: Mtima wa mayi umaoneka pa sikelo

Mwana akapanda kukwera sikelo, anthu amathamangira kufunsa za phala, malungo ndi njoka za m'mimba. Ndi ochepa amene amafunsa ngati mayi wake akupeza tulo usiku. Komatu alipo anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza zimenezi: maganizo a mayi woyembekezera ndi m'mene amakhudzira thanzi la mwana.

Mmodzi mwa iwo ndi a Atif Rahman, dokotala wa ku Pakistan amene ndi pulofesa pa yunivesite ya Liverpool ku England. Iwowa ndi anzawo anagwira ntchito m'midzi ya m'boma la Rawalpindi kwawo ku Pakistan. Ankacheza ndi amayi apakati, kenaka mwana akabadwa ankamuyeza kulemera ndi msinkhu. Mu 2004 anafalitsa zimene anapeza: ana a amayi amene anadwala matenda okhumudwa ali ndi pakati ndiwo ankapezeka kawirikawiri opepuka ndi opinimbira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mayi wosweka mtima amatopa msanga, sadya bwino, ndipo mphamvu zoyamwitsa kapena zopita kusikelo zimachepa. Si ulesi ayi, ndi matenda.

Kupeza vuto si kulithetsa. Madokotala a maganizo m'midzimo munalibe, choncho a Rahman anaphunzitsa amayi azaumoyo oyendera makomo, ofanana ndi ma APE a ku Mozambique. Amayiwa ankakhala pansi ndi wodwalayo maulendo 16, kumumvetsera, kumuthandiza kuzindikira maganizo omufooketsa ndi kupeza ena omulimbitsa, ndiponso kukokera a m'banja kuti amuthandize. Njirayi inatchedwa Thinking Healthy, ndiko kuti kuganiza mwathanzi.

Anaiyesa pa amayi 903, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2008. Patatha miyezi 6 chibadwire ana, amayi 23 pa 100 alionse amene analandira uphunguwu anali akadali okhumudwa, pamene mwa amene sanaulandire anali 53 pa 100. Ana awo sankatsekula m'mimba kawirikawiri ndipo ambiri analandira katemera. Koma pa kulemera panalibe kusiyana kwenikweni, ndipo ofufuzawo analemba zimenezo osabisa. Wofufuza weniweni amanena ndi zimene sizinamuyendere. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la WHO linatulutsa buku la njirayi kuti maiko ena aigwiritse ntchito.

Nkhaniyi si ya kutali kokha. Chaka chomwecho cha 2008, a Robert Stewart ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wa pa chipatala cha Thyolo ku Malawi, woonetsa kuti ana a amayi ovutika maganizo ankatsalira pa msinkhu.

Wachinyamata wofuna ntchito yotereyi ayenera kulimbikira sukulu, makamaka masamu, chifukwa kafukufuku amayenda ndi kuwerengera. Maphunziro a za maganizo a anthu alipo pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo. Koma pepala lokha silikwanira. Mayi wa ku Ulongwe kapena ku Zobue saulula za mumtima mwake m'Chipwitikizi chophunzira kusukulu. Amaulula m'chilankhulo chimene amalirira. Apa mwana wokulira kumudzi ali ndi chuma chimene mlendo alibe.

Kufufuza kumafuna maphunziro, koma kumvetsera sikufuna. Mpongozi kapena mwamuna akaona mayi wapakati wangoti ndwii masiku ambiri, osadya, osaseka, asamunene kuti ndi mwano. Amufunse mofatsa, amulandire mtolo wa nkhuni, ndipo amuperekeze kuchipatala. Paja mutu umodzi susenza denga.