Kodi kwa aneba ku Zambia n'kokomadi kuposa kuno?

Mukakwera minibasi ya pamsewu wa Lilongwe-Mchinji, nkhani yomwe siisowa ndi ya ku Zambia. Wina amati ku Chipata katundu ali mbwee m'masitolo. Wina amati kumeneko safola mizere pogula mafuta agalimoto. Winanso amasolola kandalama kamodzi ka uko n'kumaonetsa anthu, amvekere kameneka kakuposa K50 yathu. Pamapeto pake onse amagwirizana chimodzi, kuti anzathu aja adatisiya kutali.

Ine sindikutsutsa kuti a Zambia ali patsogolo. Chomwe ndikukana ndi muyeso womwe tikugwiritsa ntchito, chifukwa ukupusitsa mabanja ena mpaka kuganiza zogulitsa kamunda kuti mnyamata wapakhomo apeze thiransipoti yokasakira moyo kutsidya kwa malire.

Tiyambe ndi ndalamayo. Akuluakulu akukumbukira kuti kale ndife tinkaseka ndalama ya ku Zambia, poti munthu ankanyamula mpukutu wonse kukagula buledi. Mu Januwale 2013 boma lakumeneko lidangochotsa maziro atatu, K1 000 n'kusanduka K1. Palibe yemwe adadzuka wolemera tsiku limenelo. N'zoona kuti kwacha yathu yafooka, makamaka itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023, koma mtengo wa kwa osintha ndalama sutiuza chomwe chili m'mbale ya mwana ku Lundazi kapena ku Katete.

Maiko awiriwa ali ngati mapasa. Onse adali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, onse adalandira ufulu mu 1964, onse ndalama yawo ndi kwacha ndipo onse popanda nsima amati agona ndi njala. Chiwerengero cha anthu nachonso sichisiyana kwenikweni: kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni kuno, pomwe wa 2022 adapeza 19.6 miliyoni ku Zambia.

Kusiyana kwenikweni kuli pawiri. Koyamba, dziko la Zambia n'lalikulu kasanu n'kamodzi kuposa lathu, pamene kuno mabanja ambiri akulima malo osakwana hekitala imodzi. Kachiwiri, anzathuwa ali ndi kopa pansi panthaka. Miyala imeneyi ndiyo idakokera agogo athu ku Kitwe, Ndola ndi Luanshya, ndipo mpaka lero ndiyo imabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja. N'chifukwa chake chuma cha dzikolo mukachigawa pa munthu aliyense chimaposa chathu kawiri kapena kuposerapo. Mu 2022 pafupifupi theka la anthu kumeneko linali ndi magetsi, pomwe kuno anali asanakwane munthu mmodzi mwa asanu.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chuma chogawa papepala sindicho chimafika pakhomo. Kafukufuku wa boma la Zambia wa 2022 adapeza kuti anthu 60 mwa 100 alionse ndi osauka, ndipo kumidzi adali pafupifupi 79 mwa 100. Wathu wa 2019/20 adapeza pafupifupi 51 mwa 100. Musathamangire kunena kuti ndiye kuti ife tili bwino, poti dziko lililonse limadula mzere wa umphawi mwanjira yake. Phunziro lake n'lakuti ndalama za kopa zimathera ku Lusaka ndi kumigodi, pamene mlimi wa ku Chadiza akuvutika ngati mnzake wa kwa Mkanda.

Kudalira kopa kuli ngati mmene ife timadalirira fodya. Mtengo wake utagwa cha m'ma 1975, a Zambia adaona zakuda, moti mu 1986 anthu a kumigodi adachita zipolowe ufa utakwera mtengo. Mu Novembala 2020 dzikolo lidalephera kubweza ngongole zakunja. Mu 2024 chilala chidakantha maiko onse awiri: madzi atatsika padamu la Kariba, anzathuwa ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, ndipo nawonso adakagula chimanga ku Tanzania. Chaka chomwecho bwalo lamasewero la Heroes ku Lusaka lidasanduka chipatala cha odwala kolera, matenda omwe kuno adatenga miyoyo yoposa 1 700 mu 2022 ndi 2023.

Ndiye tiwasirire pati? Ine ndikuti pankhokwe. Mvula itabwerera, alimi a ku Zambia adakolola matani oposa 3 miliyoni a chimanga mu 2025, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho boma lathu lidagwirizana nawo zogula matani 200 000. Chilala chidali chimodzi, koma mnzathu adadzuka msanga mpaka kutigulitsa chakudya. Apa ndiye pofunika kuchita manyazi, osati pa maziro a ndalama.

Kopa wa anzathu sitingamusamutse, ndipo malire a dziko sitingawafutukule. Chomwe tili nacho ndi madzi. Nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire, Bua, Linthipe ndi madambo osawerengeka zili pakhomo pathu, koma tikukololabe kamodzi pachaka, maso ali kumwamba kudikira mitambo. Kamunda kakang'ono kamadyetsa banja pokhapokha kakamabereka kawiri kapena katatu. Choncho phungu akabwera kudzachititsa msonkhano, tisamangomufunsa za makuponi a feteleza. Timufunsenso za ngalande, madamu ang'onoang'ono ndi msika wodalirika wa zokolola zam'dimba.

Kwa inu makolo amene mwana wanu akukakamira zopita kwa aneba, musamuletse mwaukali, koma mukhale naye pansi muwerengetsere limodzi. Kodi kumeneko adzagwira ganyu masiku angati kuti agule thumba la ufa? Nanga lendi, mankhwala ndi zikalata zomuloleza kugwira ntchito? Yankho likakhala lokoma, apite ndi madalitso anu. Koma munda wokha musagulitse. Mtengo wa kopa umakwera n'kutsika, ndipo tsiku lomwe udzatsikenso, mwanayo adzafuna pofikira.