ZA UMOYO M'MIDZI: Kusankha njira yokonzera heniya

Pakati pa maopareshoni amene acitika kawiri-kawiri m'zipatala za m'maboma pali wa nthenda imene madokotala aicha heniya. Anthu ambiri m'midzi aidziwa ndi dzina lakuti mwera kapena phudzi ikatulukira kumunsi kwa mimba, koma nthendayi itulukiranso pamcombo, pamwamba pa mcombo ndi pacipsera ca opareshoni yakale. Owerenga ena anamva kuti mnansi wao anasokedwa ndi ulusi wokha, wina anaikidwa kaukonde m'mimba, ndipo wina ku Lusaka anabwerako wopanda bala lalikulu. Kodi njira yabwino ndi iti, nanga aisankha ndani?

Aliyense amene ali ndi njinga adziwa cimene cicitika tayala likang'ambika pambali: cubu cisuzumira kunja ngati cithuza. Ndi mmenenso iliri heniya. Minofu ya pamimba imene isunga matumbo ikafooka ndi kubooka, mafuta kapena matumbo atulukira pamenepo nakhala pansi pa khungu. Cotupaco cikula munthu akatsokomola kapena akanyamula katundu, ndipo cibwerera akagona cagada. Amuna ndiwo avutika koposa ndi heniya ya m'mphecepece: pafupi-fupi mwamuna mmodzi mwa anai adzakhala nayo m'moyo wace, pamene mwa akazi ndi atatu cabe pa 100. Dzina lakuti phudzi lisokoneza pang'ono, cifukwa kutupa kwina kwa abambo kukhala kwa madzi okha, osati matumbo, ndipo opareshoni yace ndi ina. Wosiyanitsa ziwirizi ndi wa kucipatala atapima.

Mwa munthu wamkulu ciboo cimeneci sicitsekeka cokha. Palibe mapirisi, mizu, mphini kapena lamba amene angacitseke. Makanda okha ndiwo ali ndi mwai: mcombo wotupa wa mwana utsekeka wokha nthawi zambiri asanafike zaka 5, ndipo kumangapo ndalama yacitsulo sikuonjezera kanthu koma zilonda pakhungu. Koma mwana wotupa m'mphecepece ayenera kucitidwa opareshoni. Iye safuna ukonde. Dokotala angomanga kathumba kamene matumbo anali kulowamo.

Njira yakale pa zonse ndiyo kusoka ndi ulusi. Dokotala Edoardo Bassini wa ku Padua m'dziko la Italy ndiye anaikonza bwino m'zaka za m'ma 1880, ndipo Dokotala Earle Shouldice, amene anatsegula cipatala ca heniya ku Toronto m'dziko la Canada mu 1945, anaipititsa patsogolo. Ubwino wace ngwakuti ndi yochipa ndipo itheka m'cipatala ciriconse cimene ciri ndi cipinda ca opareshoni. Kuipa kwace akudziwa mai aliyense amene anasokapo thumba la cimanga long'ambika: akakoka mbali ziwiri kuti zikomane, msoko ugwira, koma thumba ling'ambikanso pambali pa msokowo likadzaza. Pa cifukwa cimeneci malangizo amene mabungwe a madokotala a heniya a ku Europe ndi ku America anatulutsa mu 2020 akuti pamcombo ndi pamwamba pace ulusi wokha uyenera pa ciboo caciŋono cosakwana sentimita imodzi, cimene nsonga ya kacala kakang'ono ingatseke.

Ciboo cikaposa pamenepo, njira yaciwiri ndiyo ipambana, ndiyo kuika cigamba. Cigambaco ndi kaukonde kofewa ka pulasitiki kamene madokotala akacha mesh. Dokotala Francis Usher wa ku Houston m'dziko la America anayamba kugwiritsa nchito ukonde wa mtundu umenewu mu 1958, ndipo mu 1989 Dokotala Irving Lichtenstein wa ku Los Angeles anafalitsa njira yoikira ukonde m'mphecepece popanda kukoka minofu. Ukondewo sucotsedwanso. Mnofu wa munthu umera m'timabowo tace, ndipo pakapita miyezi yowerengeka ziwirizi zikhala cinthu cimodzi colimba.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kunapimidwa m'dziko la Netherlands pa anthu amene anali ndi heniya pacipsera ca opareshoni yakale. Zotsatira zace, zimene zinatuluka mu 2000, zinaonetsa kuti patapita zaka 3 nthenda inabwerera mwa anthu 43 pa 100 osokedwa ndi ulusi wokha, koma mwa oikidwa ukonde inabwerera mwa 24. Atawalondolanso kufikira zaka 10, ziwerengerozo zinakwera kufika pa 63 ndi 32. Tero ukonde ucepetsa kubwerera kwa nthenda ndi theka, ngakhale kuti sukuthetseratu. Nkhani imeneyi ikhudza maka-maka amai amene anabereka mwa opareshoni ndipo tsopano aona kutupa pacipsera.

Malo oikapo ukonde nawo ali ndi kanthu. Dokotala angauike pamwamba pa minofu, pansi pa khungu, ndipo imeneyi ndi nchito yofulumira. Koma pamenepo madzi akonda kusonkhana ndipo bala likhoza kucita mafinya. Angauikenso kuseri kwa minofu, monga acitira wokonza njinga amene aika cigamba mkati mwa tayala osati kunja. Pamenepo mphamvu ya m'mimba yomwe ija ndiyo ikanikizira cigamba pamalo pace. Njira imeneyi ifuna luso ndi nthawi, koma pa heniya yaikulu ya pacipsera ndiyo madokotala ambiri aikhulupirira.

Sikuti ukonde ulibe zobvuta zace. Ukagwidwa ndi tizirombo, bala licedwa kupola, ndipo nthawi zina uyenera kucotsedwa ndi opareshoni ina. Pafupi-fupi munthu mmodzi mwa khumi ocitidwa opareshoni ya m'mphecepece amva kuwawa kumene kupitirira miyezi itatu, ngakhale kuti mwa ambiri kukhala kwapang'ono. Bvuto lina ndi mtengo. Ukonde wa kufakitale ngwodula, ndipo sikuti upezeka masiku onse m'cipatala ciriconse. Madokotala ena a ku India anayesa kudula nsalu ya neti ya udzudzu yopanda mankhwala ndi kuiphera tizirombo m'makina a kucipatala. Ku Uganda anapima njira imeneyi pa amuna 302, ndipo zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti patatha caka nthenda inabwerera mwa mwamuna mmodzi yekha woikidwa netiyo, ndipo mwa oikidwa ukonde wodula sinabwerere mwa aliyense. Pano pafunika cenjezo: neti imene mabanja alandira kukiliniki iri ndi mankhwala ophera udzudzu, ndipo siingalowe m'thupi la munthu. Nchito yace ndi pamphasa usiku.

Njira yacitatu ndi ya kamera, imene inafala m'zaka za m'ma 1990. Dokotala aboola timabowo titatu kapena tinai, apopera mpweya m'mimba kuti aone bwino, nalowetsa kamera ndi zitsulo zazitali, ndipo aika ukonde ca mkati akuyang'ana pa kanema. Mabala akhala ang'ono, mafinya sacitika kawiri-kawiri, ndipo munthu abwerera msanga kunchito. Ithandiza kwambiri anthu onenepa, a heniya ya mbali zonse ziwiri, ndi amene heniya yao inabwerera atang'ambidwa kale. Koma ifuna kugoneka munthu tulo tofa nato, magetsi osazima, makina odula ndi dokotala amene anaizolowera, motero ipezeka m'zipatala zazikulu zowerengeka za m'mizinda. Mlimi wa ku Lundazi kapena ku Petauke asagulitse ng'ombe poganiza kuti popanda kamera sadzacira. Opareshoni yong'amba yocitidwa ndi manja ozolowera ilimba cimodzi-modzi.

Manja oterowo alipo pafupi. Ku Cigawo ca Kum'mawa opareshoni ya heniya icitika pa Chipata Central Hospital ndi pa St Francis' Hospital ku Katete, ndiponso m'zipatala zina za m'maboma. Kuyambira mu 2002 sukulu ya Chainama ku Lusaka inayamba kuphunzitsa makiliniko ofesala ena maphunziro apamwamba kuti azicita maopareshoni ofunika kumalo kumene madokotala acepa. Heniya yaing'ono itheka ndi jekeseni yocititsa dzanzi pamalo pokhapo kapena ya pamsana, munthu ali maso, ndipo ambiri atuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace.

Posankha njira dokotala sayang'ana ciboo cokha. Ayang'ananso mwini wace. Wosuta fodya apemphedwa kuleka kwa milungu inai kapena isanu ndi umodzi opareshoni isanacitike, cifukwa fodya acedwetsa bala kupola. Wa matenda a shuga ayenera kuyamba watsitsa shuga. Cifuwa cosatha, kudzimbidwa, ndi kubvutika pokodza kumene kugwira abambo acikulire, zonsezi zikankha msoko ca mkati, ndipo ziyenera kuthandizidwa coyamba. Amene akumwa bwino mankhwala a HIV acitidwa opareshoni monga wina aliyense. Mai amene afuna kudzaberekanso angalangizidwe kudikira ngati heniya yace ya pamcombo ndi yaing'ono ndi yosawawa, popeza mimba ina ingang'ambenso pokonzedwapo. Koma mai wotupa m'mphecepece asadikire, pakuti mwa akazi heniya ya pamenepo ikonda kukhala ya kaboo kothina kamene kapana matumbo msanga.

Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa dokotala kukula kwa ciboo cace, ngati adzaikidwa ukonde ndi cifukwa cace, mtundu wa dzanzi, ndi tsiku limene angagwirenso khasu. Kuyenda ndi tinchito ta pakhomo ziyamba m'masiku owerengeka, koma pambuyo pa heniya yaikulu kunyamula matumba ndi kulima kudikira mwezi umodzi kapena kuposerapo. N'cifukwa cace mlimi wanzeru apita kukapimitsa atangokolola, kuti opareshoni icitike m'cilimwe, mitsinje iri youma, ndipo mvula yoyamba impeze atapola.

Kusankha konseku kutheka kwa munthu amene wafika kucipatala akuyenda yekha. Kwa wobwera pangolo kapena pamacira matumbo atapanika, nkhani isintha. Thumbo lopanika lisowa magazi ndipo liyamba kufa m'maola ocepa, mwina asanu ndi limodzi okha. Pamenepo dokotala ang'amba mwamsanga, adula thumbo lakufalo nalumikiza lotsala. Zonyansa za m'matumbo zikatayikira m'bala, ukonde wa pulasitiki suikidwa poopa mafinya. Asoka ndi ulusi, ciboo cikule bwanji, ndipo ena adzabweranso kudzacitidwa opareshoni yaciwiri. Imfa za heniya zambiri zicokera pa maopareshoni a mwadzidzidzi amenewa, osati pa okonzekera.

Zizindikiro zace sizibisika. Cotupa cimene masiku onse cinali kubwerera cikana kulowa, ciuma ndi kuwawa kwambiri; munthu asanza, mimba itupa, ndipo cimbudzi ndi mpweya zileka kutuluka. Zikatero acibale asacikanikize ndi mphamvu, asatemepo mphini, ndiponso asadikire kuti kuce. Amtengere kucipatala ca pafupi usiku womwewo, ndipo panjira asampatse nsima, phala kapena madzi, cifukwa mankhwala ogonetsa afuna m'mimba mopanda kanthu.