Nkhani za Kasungu Zifotokozedwe ndi Eni Ake

Pa tchuthi chapitachi, minibasi yomwe ndidakwera pochokera ku Lilongwe idatifera panjira titangodutsa pa Chinkhoma. Dalaivala adati vuto ndi laling'ono, koma tidakhala pansi pa mtengo maola awiri. Pagulu pathu padali mayi wina wachikulire wa kalankhulidwe ka kummwera. Mayiwo adayamba kutifotokozera mmene iwo ndi amuna awo adafikira ku Kasungu pa lole, zaka zambiri zapitazo, kudzagwira utenanti pa esiteti ina. Chimanga, mchere ndi sopo ankalandira pangongole, zonse zikulembedwa m'kope. Atathyola fodya, kusoka, kusankha ndi kupana mabelo, tsiku la malipiro kalaliki adawerenga kope lija n'kuwauza kuti ndalama yawo yonse yathera m'ngongole. Amuna awo adali atalembera kale abale kumudzi kuti abwera ndi njinga. Choncho adakagwira ganyu, n'kugula belu la njinga lokha, ndipo madzulo ankaliimba m'nyumba kuti ana aseke. Tonse tidafa nacho chiseko. Kenaka mayiwo adati bambowo adamwalira njinga asadagule, ndipo belulo likadali m'sutikesi mwawo mpaka lero. Pamalopo padangoti zii.

Minibasi italira tidakwera, ndipo pofika pa boma aliyense adalowera kwake. Dzina la mayiwo sindilidziwa. Chomwe chakhala chikundivuta kuyambira tsiku limenelo n'chakuti nkhani yoteroyo idamvedwa ndi anthu khumi ndi asanu okha, ndiponso mwangozi, chifukwa choti galimoto idawonongeka. Maganizo anga ndi akuti tauni ya Kasungu ikufunika malo ndi tsiku lodziwika pomwe anthu wamba angaime pagulu n'kufotokoza zomwe zidawachitikira eni ake, m'chilankhulo chawo. Ndikukhulupiriranso kuti ife amene tikuphunzira zauphunzitsi ndife oyenera kuyambitsa zimenezi.

Kunja kuli kale anthu amene amachita zotere. Mu 1997, mlembi wina wa ku America, George Dawes Green, adayambitsa bungwe la The Moth mumzinda wa New York. Iye ankasowa macheza a kwawo ku Georgia, komwe anzake ankasonkhana pakhonde usiku n'kumasimbirana nkhani, agulugufe a usiku akuzungulira nyali. Mipikisano ya bungweli, yomwe amaitcha StorySLAM, ili ndi malamulo osavuta. Pamakhala mutu wa tsikulo. Ofuna kulankhula amalemba maina awo n'kuponya m'thumba, ndipo amatolamo maina khumi. Aliyense amapatsidwa mphindi zisanu. Nkhaniyo iyenera kukhala yoona, yomuchitikira mwini wake, ndipo saloledwa kuwerenga papepala. Oweruza amasankhidwa pakati pa omvera omwewo. Taonani kuti pamenepa sipafunika zovala za sewero, zida zoimbira kapena miyezi yokonzekera. Pamangofunika chipinda, mipando ndi anthu ofuna kumva.

Wina anganene kuti ife tili ndi nthano zathu kale, nanga za ku New York n'zachiyaninso? Nthano ndimazikonda, ndipo ndidakula ndikuyankha kuti "tili tonse" agogo akamasimba za Kalulu ndi Fisi. Koma nthano ndi ya mudzi wonse, ndipo wosimba amabisala kumbuyo kwa nyama. Mayi a belu aja sankanena za Kalulu. Ankanena za kope la ngongole lomwe adaliona ndi maso awo. Ndiponso mpikisano si mlendo pa zolemba za Chichewa. Buku la Samuel Josiah Ntara lotchedwa Nthondo, lomwe lidasindikizidwa mu 1933, lidatchuka litapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures. M'sukulu zathu za sekondale, mipikisano ya zisudzo ya ATEM yakhala ikutulutsa akatswiri kwa zaka zambiri. Amalawi timadziwa kuti mpikisano umadzutsa anthu amene akadangokhala chete.

Chitsanzo chachikulu cha zomwe timataya chili ku Wimbe, m'boma lathu lomweli. William Kamkwamba adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga. Anthu ambiri a m'deralo ankamuyesa wamisala. Nyuzipepala ya The Daily Times idalemba za iye mu 2006, ndipo mu 2007 adakaima pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, n'kufotokoza yekha m'Chingerezi chomwe panthawiyo chinkamuvuta. Buku lomwe adalemba ndi Bryan Mealer lidatuluka mu 2009, ndipo filimu ya Chiwetel Ejiofor idatsatira mu 2019. Tonse timanyadira. Koma tadzifunsani: pa zaka zinayi zija makina ake akuzungulira pakhomo, mnyamatayu akadakaima kuti m'Kasungu muno kuti afotokoze zomwe ankachita, anthu n'kumumvetsera mphindi zisanu osamudula? Ambirife tidamva bwino nkhani yake itayamba yazungulira kunja.

Zoterezi zimachitika kawirikawiri ndi nkhani za fodya. Za matenanti ndi za ana ogwira ntchito m'minda zalembedwa kwambiri m'malipoti a mabungwe ndi m'nyuzipepala za kunja, pafupifupi zonse m'Chingerezi. Malipotiwo adathandiza, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito n'kuletsa utenanti. Koma mu lipoti munthu amasanduka chiwerengero kapena chithunzi cha pachikuto. Belu la njinga silingalowemo, chifukwa wofufuza amafunsa zomwe zili pa fomu yake basi. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene adagona m'chigafa kulondera fodya, amene adadikira masiku ambiri kuti mabelo ake alowe mu okushoni, ngakhalenso mwini munda amene adakongola feteleza mitengo n'kugwa, ndiwo angatiuze mmene moyo wa m'dera lino ulili. Kwathu sitilima fodya chifukwa cha chikhulupiriro chathu, komabe mtedza ndi soya wa bambo anga amagulidwa ndi ndalama yomwe imazungulira m'boma muno msika wa fodya ukatsegulidwa. Palibe wa ku Kasungu amene nkhaniyi siyimukhudza.

Pali phindu linanso kwa aluso a m'tauni yathu. Ku Lilongwe, mlembi Shadreck Chikoti adayambitsa gulu la Story Club komwe olemba ndi okonda zolemba amakumana. Ku Blantyre kuli malo ngati Jacaranda Cultural Centre ndi Kwa Haraba komwe alakatuli ndi oimba amasonkhana. Ngakhale ku Dzaleka m'boma la Dowa, komwe kumakhala anthu othawa kwawo, Menes La Plume adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Ku Kasungu aluso aliko: makwaya, magulu a zisudzo, alakatuli, ovina chimtali ndi mganda. Koma mmene ndaonera ine, amakumana pokhapokha bungwe lina likabwera ndi uthenga wake kapena wandale akamachititsa msonkhano. Wachinyamata wofuna kumvedwa amayenera kupeza ndalama yoyendera makilomita pafupifupi 130 kupita ku Lilongwe. Tsiku limodzi pamwezi lomwe aliyense akulidziwa lingachititse kuti wolemba sewero akumane ndi wogulitsa tomato yemwe ali ndi nkhani, ndipo mlakatuli amve mmene anthu amalankhulira akakhala kuti sakuchita sewero. Gulu la aluso limakula anthu akamaonana kawirikawiri.

Sindikubisa kuti pali zoopsa. Choyamba, Kasungu ndi tauni yaing'ono ndipo anthu amadziwana. Ku New York munthu angathe kunena za bwana wake wakale n'kukwera sitima kupita kwawo. Kuno bwanayo akhoza kukhala pa mpando wachitatu, kapena mlamu wake. Tenanti amene wanena zoona Lamulungu angathe kuthamangitsidwa Lolemba. Pa chifukwa chimenechi lamulo loyamba liyenera kukhala lakuti wosimba asatchule dzina la munthu, la esiteti kapena la kampani, ndipo pasapezeke wojambula pafoni popanda chilolezo cha mwini nkhani. Makolo athu adatiphunzitsanso kuti za m'nyumba saulula pabwalo. Mwambowu uli ndi nzeru yake, pakuti nkhani yanga imakhudzanso amayi anga ndi azichemwali anga amene sadavomere kuti ndiwatchule. Wosimba aphunzire kunena mbali yake, za ena azisiye.

Choopsa chachiwiri ndi mpikisano weniweniwo. Mukayamba kupereka malikisi, anthu amazindikira msanga chomwe chimapambana. Ngati amene walira kwambiri ndiye akutenga mphoto, mwezi wotsatira aliyense abwera ndi maliro, ndipo ena ayamba kuwonjezera mabodza. Tazolowera kale kukometsa umphawi wathu pamaso pa alendo kuti atithandize, ndipo sindikufuna kuti tizichita zomwezo pamaso pa anzathu. Komabe sindikuvomereza kuti tichotseretu mpikisano, chifukwa ndi umene umakoka anthu ndi kuchititsa wosimba kukonzekera. Chofunika n'chakuti mphoto ikhale yaing'ono, monga buku kapena nkhuku, yoti munthu sanganamire. Oweruza aziona kafotokozedwe: kodi nkhani yayamba bwino, yamveka, yatha pa nthawi yake? Kukula kwa tsoka kusakhale muyeso. Mitu nayonso izisinthasintha. Mwezi uno "Tsiku la malipiro", mwezi wamawa "Ulendo wanga woyamba wa ku Lilongwe", kenaka "Bodza lomwe ndidagwidwa nalo". Moyo wa ku Kasungu uli ndi zoseketsa zambiri, ndipo mayi aja adatiseketsa asadatiliritse.

Ife a mpingo tingaganize kuti zimenezi timachita kale, popeza pa mapulogalamu a achinyamata Sabata masana ndi pa misonkhano ya misasa timapereka maumboni. N'zoona kuti kumeneko ndi komwe ambirife tidaphunzira kuima pagulu osanjenjemera. Koma umboni uli ndi njira yake yodziwika: ndidali pamavuto, ndidapemphera, Mulungu adayankha. Ndi wabwino pamalo pake. Pabwalo lomwe ndikunenali payenera kulandiridwanso nkhani zomwe sizidathe bwino, monga ya njinga yomwe sidagulidwe, ndipo pabwere Msilamu, Mkatolika, wa CCAP ndi wosapemphera, aliyense osaopa kuti alalikidwa. Alankhule Chichewa kapena Chitumbuka, pakuti kumpoto kwa boma lathu, cha ku Nkhamenya, anthu ambiri amalankhula Chitumbuka.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti aphunzitsi ndiwo ayambe? M'kalasi timaphunzitsidwa kuti chilankhulo chili ndi maluso anayi: kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. Koma popeza mayeso a MANEB ndi olemba, maluso awiri oyambawo timangowadumpha. Ine ndidaphunzira pa sekondale ya mpingo komwe tinkalimbikitsidwa kulankhula Chingerezi nthawi zonse. Ndimathokoza chifukwa chidandifikitsa kuno, koma pa zaka zinayi zonsezo sindikumbuka tsiku lomwe wina adandifunsa kuti ndifotokoze za kwathu m'chilankhulo changa. Tidatuluka tikudziwa kulemba chimangirizo cha ulendo wa pandege womwe sitidayendepo, koma tikuchita manyazi kunena kuti fizi yathu idachokera ku mtedza. Mwana amene waphunzira kuti zomwe zidamuchitikira n'zoyenera kumvedwa amalemba bwino, amafunsa mafunso, ndipo akakula savomera msanga kuti kalaliki amuwerengere kope iye ali duu. Komanso mphunzitsi ndiye ali ndi kiyi wa holo ya sukulu, ndipo makolo amamukhulupirira.

Choncho anzanga amene mukupita kukayeserera kuphunzitsa teremu ikubwerayi, yesani izi. Patulani mphindi makumi awiri pa sabata, ophunzira alembe maina pa timapepala, mutole atatu, aliyense afotokoze zomwe zidamuchitikira. Inuyo muyambe, ndipo musankhe nkhani yomwe simukuoneka ngwazi. Zikayenda m'kalasi, pemphani ahedi holo Lamulungu lina masana, muitane makolo, akabaza ndi amayi a pamsika. Ine ndalankhula kale ndi anzanga awiri a kwathu kuti tidzayese pa tchuthi chikubwerachi, ngakhale titapezeka anthu makumi awiri okha. Mutu woyamba tagwirizana kuti udzakhale "Chinthu chomwe ndimasunga". Ngati mayi a belu aja akadali m'Kasungu muno ndipo uthenga ungawapeze, ndikufuna adzakhale oyamba kuima.