Bainokula yoyenera ife ovala magalasi

Ife a ku Dedza tili ndi mwayi. Phiri la Dedza ndi lalitali kuposa mamita 2,000, ndipo tsiku lopanda nkhungu munthu amaona mpaka ku Mozambique. Ku Chongoni, komwe kuli zojambula za makolo pamiyala zimene UNESCO inazindikira mu 2006, kulinso nkhalango ya mbalame. Kuyenda m'malo otere kumalimbitsa thupi, ndipo bainokula, chipangizo choonera zakutali chija, imakometsa ulendo. Koma ife ovala magalasi a maso tikagula mosasankha, timangoona kabwalo kakang'ono ngati tikusuzumira m'bango, ndalama zitapita kale.

Chifukwa chake n'chakuti diso limaona chithunzi chonse likakhala pa mtunda woyenera kuchokera pa galasi la bainokula. Mtunda umenewu amaulemba pa bokosi kuti eye relief, ndipo amauyeza m'mamilimita. Magalasi athu amatalikitsa diso, choncho bainokula ya mamilimita 10 imatidetsera m'mbali monse. Tifunefune ya mamilimita 16 kapena kuposa. Amene magalasi awo ndi okhuthala asankhe ya 18 mpaka 20.

Manambala ngati 8x42 sanena zimenezi. Nambala 8 ikunena za kukuza, pomwe 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo. Tisakopeke ndi yokuza kwambiri, chifukwa chithunzi chake chimagwedera m'manja.

Tisanalipire, tiiyese titavala magalasi. Tipinde kapena kupotokola timphira takumaso kuti titsike, kenako tiyang'ane mtengo wakutali. Bwalo lonse lioneke mpaka m'mphepete, osachita kukanikiza magalasi pamphuno. Zinthu zikaoneka ziwiriziwiri tiisiye, imeneyo idzatipweteketsa mutu. Ngati wotigulira ndi m'bale wa ku Johannesburg, timuuziretu nambala ya mamilimita ija.

Kodi sitingangovula magalasiwo? Amene amavala owerengera okha angavule. Amene saona bwino patali angakonzenso chithunzi pozunguza kagudumu kapakati. Koma vuto lotchedwa astigmatism silikonzeka ndi kagudumu, ndiye tifunse a chipatala cha maso kuti vuto lathu ndi liti. Ndiponso kuvulavula pamiyala n'kumene kumaswetsa magalasi.

Ana tiwalangize tisanawapatse m'manja: asayerekeze kuyang'ana dzuwa ndi bainokula. Kamphindi kochepa kangawononge diso mpaka kalekale.