Zovala Zopepuka Zikamalowa M'sutikesi

Meyi akalowa, kamphepo kam'mawa kamayamba kuluma ku Limbe, ku Bangwe ndi ku Chigumula, ndipo tonse timakumbukira kumene tinasiya majuzi. Majuziwo akatuluka, malo awo m'sutikesi amatengedwa ndi madiresi opepuka, malaya a manja aafupi ndi makabudula a ana. Ntchitoyi ambirife timaigwira mothamanga, madzulo amodzi. Malipiro ake timakalandira mu Seputembala, potsegula sutikesi n'kupeza zovala zili mawangamawanga akuda, fungo la chuku lili guu.

Vuto lathu kuno ku Blantyre ndi chinyezi. Timalongedza mvula itangotha kumene, makoma asanaumitsitse, kenako mu Juni ndi Julaye kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chovala cholowa m'sutikesi chili ndi kachinyezi, ngakhale m'kolala mokha, chimaononga zinzake zonse. Chuku sichithera pa nsalu. Ufa wake ukauluka umayambitsa chifuwa ndi kuyetsemula, ndipo kwa mwana wodwala mphumu usiku umatalika.

Choncho tichape chilichonse, ngakhale chimene tinangovala kamodzi kokha popita ku tchalitchi. Thukuta losaoneka lero lidzakhala litasanduka chikasu m'khwapa pakutha miyezi inayi, ndipo kadontho ka supu kamaitana mphemvu. Tisankhe Sande ya dzuwa, tiyanike pachingwe osati pa kapinga, ndipo tisite. Simbi yotentha imachotsa chinyezi chotsalira, imaphanso mazira a ntchentche zija zimene mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kuchita ngati chithupsa. Tikasita tidikire zizizire tisanapinde.

Majumbo ndi mdani wa nsalu ya thonje, chifukwa amatsekera chinyezi mkati. Pilokesi yakale yochapa bwino imasunga kuposa jumbo. Sutikesi kapena katoni isakhale pa simenti kapena kugunda khoma. Tiikweze pamwamba pa wadiropu, kapena tiikhazike pa matabwa, poti chiswe sichichedwa kuboola katoni. Kamodzi pamwezi, dzuwa likawala, titsegule kuti mupite mphepo.

Tsono pali timibulu toyera tija timene timagula pamsika kuti tithamangitse njenjete ndi mphemvu. Ambiri tinakula tikumva fungo lake pa suti ya agogo, mpaka timaliyesa fungo la ukhondo. Tambiri timapangidwa ndi mankhwala otchedwa naphthalene, ndipo ndi poizoni. Mwana wokwawa amatiyesa maswiti. Choopsanso china n'chakuti kuno kwathu, monga m'maiko ena a malungo, ana ambiri, makamaka aamuna, amabadwa ndi vuto la magazi lotchedwa G6PD deficiency makolo osadziwa. Kwa mwana wotere, ngakhale kuvala zovala zimene zinasungidwa ndi timibuluti kukhoza kuswa maselo ofiira a magazi: maso amachita chikasu, mkodzo umada, mwana amafooka. Zikatero, kapena mwana akameza kamodzi, tithamange naye kuchipatala osayesa kumusanzitsa. Ifeyo tikuona kuti m'nyumba yokhala ndi khanda timibuluti tisalowemo n'komwe. Ndiponso njenjete zimakonda ubweya. Diresi la thonje lochapa ndi louma bwino sizilisamala kwenikweni.

Tisalongedze zonse. Masana a mu Juni m'tauni, pa Victoria Avenue, munthu wovala juzi lochindikala amatuluka thukuta pamene mnzake ku Limbe akunjenjemera. Malaya awiri atatu opepuka atsale pafupi.

Za ana nazo tiziyang'ane kawiri. Kabudula wothina mwana wa zaka 5 lero sadzamukwana mu Okutobala, ndiye kumusungira n'kungodzaza sutikesi. Ngati palibe mng'ono wake wodzavala, timuchape, timusite, tikapereke kwa amayi a Dorika pa mpingo pathu. Iwo amadziwa khomo limene akufunika.