Phini la Baji ya Keyala Likathyoka, Dekhani Kaye

Chaka chilichonse mwezi wa November ukafika, mayiko ambiri a m'bungwe la Commonwealth amakumbukira asilikali amene anamenya nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Mwambowu umachitika pa tsiku la 11 November kapena Lamulungu loyandikana nalo, pakuti pa tsikuli m'chaka cha 1918 ndi pamene mfuti zinatonthola ku Ulaya. Ndi nyengo imeneyi pamene mabanja ena amatsekula masutikesi akale n'kutulutsa baji ya agogo, ndipo kawirikawiri amapeza kuti phini la kumbuyo kwake linathyoka. Ganizo loyamba limakhala lothamangira nayo kwa wowotcherera pamsika. Langizo lathu lero n'lakuti dekhani kaye. Phini lothyoka ndi vuto laling'ono, koma moto wa wowotcherera ungathe kuwononga m'kamphindi chinthu chimene chapirira zaka 80 kapena 100.

Tiyambe ndi kudziwa chimene tagwira m'manja. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo magulu ake awiri oyambirira anali a ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Asilikali amenewa analimbana ndi Majeremani ku Karonga mu September 1914. Pa nkhondo yachiwiri anafika ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Baji yawo ya pachipewa imadziwika ndi lipenga ndi chisoti chachifumu. Ku Zambia kunali Northern Rhodesia Regiment, imene baji yake ili ndi mbalame yaitali miyendo, ya nthenga zoimirira pamutu. Ku Zimbabwe kunali Rhodesian African Rifles, gulu lomwe linayamba mu 1940, ndipo baji yake ili ndi chishango, mkondo ndi chibonga. Ngakhale chisoti chachifumucho chimanena zaka, chifukwa maonekedwe ake anasintha Mfumukazi Elizabeth italowa ufumu mu 1952.

Wina angafunse kuti kachitsulo kakang'ono chotere kali ndi phindu lanji kwa mlimi amene akuganiza za mbewu ndi feteleza. Yankho lili m'lipoti limene bungwe loyang'anira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa mu 2021. Lipotilo linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafa pa nkhondo yoyamba sanalembedwe mayina pa manda kapena pa chipilala chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo anali a kuno ku Africa, kuphatikizapo amtengatenga amene ankasenza katundu wa nkhondo. Pamene mabuku a boma anakhala chete, baji kapena mendulo imene banja linasunga ndiyo imatsala ngati mboni. Baji ya pachipewa siikhala ndi dzina, koma imasonyeza gulu limene munthu anatumikira. Mendulo za nkhondo yoyamba zimakhala ndi dzina, nambala ndi gulu la msilikali zodindidwa m'mphepete mwake.

Musanachite chilichonse, tembenuzani bajiyo ndi kuyang'ana kumbuyo kwake pamalo owala. Mabaji ambiri a pachipewa ali ndi timphete tiwiri timene timaboola nsalu, ndipo kawaya kopinda pawiri kamalowa m'timpheteto kuti baji isagwe. Ena ali ndi kachitsulo kaphanthiphanthi kamene kamatsetserekera m'chipewa. Mtundu wachitatu, umene umapezeka kwambiri pa mabaji a pachifuwa ndi pa kachitsulo kopachikapo mendulo, uli ndi phini lenileni lokhala ndi zigawo zitatu: singano, kahinjesi kamene singanoyo imazungulirapo, ndi kambedza kokolowekapo nsonga. Kudziwa chigawo chimene chawonongeka ndi theka la ntchito.

Chifukwa chopewera moto n'chomveka. Mabaji ambiri anapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, umene umasungunuka pa madigiri pafupifupi 900. Moto wa makina owotcherera a magetsi umaposa madigiri 3,000, ndipo unapangidwira mafelemu a mawindo ndi ngolo za ng'ombe. Ukakhudza baji yopyapyala umaiboola pomwepo. Ngakhale moto wocheperapo ungamasule timphete tina timene tinali tidakali bwino, chifukwa nato tinachita kumatidwa. Mabaji ena ali ndi mitundu yowala, yofiira kapena yobiriwira. Ambiri amayesa kuti ndi penti, koma nthawi zambiri ndi galasi limene linasungunulidwira pa chitsulo, ndipo likatenthedwa mwadzidzidzi limang'aluka kapena kuda. Galasi lotere likawonongeka silibwereranso.

Lamulo la akatswiri osunga zinthu zakale m'nyumba za chionetsero ndi lakuti yambani ndi njira yofatsa koposa, ndipo musachite chimene wobwera pambuyo panu sangathe kumasula. Ngati chasowa ndi kawaya kolowa m'timphete, palibe chokonza pa baji yeniyeniyo. Kawaya kotere kamagulitsidwa m'masitolo a zipangizo, ndipo kamkuwa n'kabwino kuposa kachitsulo chifukwa sikachita dzimbiri. Ngati kambedza kangotambasuka, kapindeni pang'onopang'ono ndi pulayala yaing'ono, mutakulunga mano ake ndi kansalu. Pindani kamodzi kokha, pakuti mkuwa ukamapindidwa uku ndi uku umauma n'kuduka.

Ngati singano yathyoka koma kahinjesi kali m'malo mwake, nkhani ndi yabwino ndithu. Singano imagwidwa ndi kamsomali kakang'ono kopyola pakati pa kahinjesi. Mmisiri wokonza mawotchi, mandala kapena ndolo angathe kutulutsa kamsomaliko, kuikamo singano ina, n'kukhomera kamsomali katsopano popanda kuyatsa moto. Singano yakale yothyokayo musataye. Ikulungeni pamodzi ndi baji, chifukwa nayonso ndi gawo la mbiri yake.

Vuto limakula pamene kahinjesi kapena kamphete kagululuka pa baji. Apa pali njira ziwiri. Yoyamba ndi guluu wa machubu awiri amene amasakanizidwa, wotchedwa epoxy. Pukutani malo onse awiri ndi thonje lonyowetsedwa ndi spiriti, pakani kadontho kochepa ndi nsonga ya kamtengo, ndipo musiye osakhudza tsiku lathunthu. Guluu wouma msanga uja wa m'timachubu ting'onoting'ono sakhalitsa pa malo amene amakokedwa, ndiponso amasiya chizindikiro choyera. Njira yachiwiri ndi kumata ndi waya wa okonza wayilesi, umene umasungunuka pa madigiri pafupifupi 190. Njirayi ndi yoyenera baji ya mkuwa yopanda galasi, ndipo ichitidwe ndi mmisiri wa dzanja lopepuka. Pa baji yasiliva musalole waya wa mtovu, chifukwa mtovu umadya siliva ikadzatenthedwanso. Waya wasiliva womatira umafuna madigiri oposa 600, choncho ntchito imeneyo ndi ya wosula ndolo ndi mphete yekha. Mufunseni mmisiri kuti afotokoze chimene achite asanayambe. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pali njira inanso imene ambiri saiganizira, ndiyo kusakonza n'komwe. Ngati baji siivalidwa, phini lilibe ntchito. Isokereni ndi ulusi pa kansalu kolimba ka thonje, muiike m'felemu ya galasi pamodzi ndi chithunzi cha mwini wake, n'kupachika pakhoma louma. Ngati mukufuna kupita nayo ku mwambo wa chikumbutso, isokereni pa jekete ndi ulusi womwewo. Pa mendulo, mwambo wake ndi wakuti mwini amavala kumanzere, ndipo wachibale amene akumuimirira amavala kumanja.

Chenjezo lina ndi la kutsuka. Phulusa ndi mchenga zimawalitsa mapoto, koma pa baji zimafufuta zilembo, ndipo pa mendulo zimadya dzina lenileni la agogo. Kuda kwa mkuwa wakale si litsiro. Ndi khungu limene limauteteza, ndipo anthu osonkhanitsa mabaji amalilemekeza. Burashi yofewa ya mano ndi kansalu kouma n'zokwanira. Mukaona zobiriwira zonga ufa, ndiye kuti chinyezi chalowa. Zichotseni mofatsa ndi kamtengo ndipo musunge bajiyo pouma, kutali ndi matumba a feteleza ndi mchere. Nsalu ya mendulo, ngakhale itasuluka, musaichape kapena kuitaya.

Dziwaninso kuti mabaji amenewa ali ndi msika ku Britain, ku South Africa ndi pa intaneti. Wogula wodziwa amayamba kuyang'ana kumbuyo, chifukwa kumeneko ndiko kumasiyanitsa baji yeniyeni ndi yongokopera. Baji yothyoka phini koma yosakhudzidwa imamukopa kuposa yonona ndi mtovu. Munthu akabwera pakhomo n'kunena kuti baji yanu ilibe mtengo chifukwa yathyoka, musafulumire. Kugulitsa katundu wa malemu ndi nkhani ya banja lonse, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu alangizi ndi ogwira ntchito m'midzi, pano pali ntchito yosafuna ndalama. Mukapeza baji kapena mendulo pakhomo, jambulani ndi foni kumaso ndi kumbuyo. Lembani dzina la mwini wake, mudzi, mfumu, nambala ngati ikuoneka, ndi zonse zimene okalamba akukumbukira za kumene anapita ndi chaka chimene anabwerera. Pepala limodzi musiye ndi banja, lina lipite kusukulu yapafupi kuti ana aphunzirepo mbiri ya kwawo. Asilikali a nkhondo yachiwiri amene atsala ndi owerengeka, ndipo ana awo amene anamva nkhanizo pakamwa pawo nawonso akukalamba. Phini lingadikire mmisiri woyenera ngakhale chaka chathunthu, koma kulembaku kuyambe mwezi uno.