Mayi ndi wobereka kapena wolera?

Sabata yatha, titabwera kudoko kukalandira mlamu wanga yemwe adatsika mu Ilala, tidaonera limodzi filimu ya Shemu Joyah yotchedwa Seasons of a Life. Ndi filimu yakale ndithu. Tapiwa Gwaza adapata nayo mphoto ya Africa Movie Academy Awards m'chaka cha 2010. Koma mutu wake ukadali wamoyo kuno ku Nkhata Bay.

Mtsikana wantchito, yemwe Flora Suya akumusewera mogwira mtima, apatsidwa mimba ndi abwana ake. Pofuna kupitiriza sukulu, akakamizika kusiya mwana. Patatha zaka 6 abwerera kudzamutenga, koma apeza kuti mwanayo ali ndi amayi ena amene adamulera ndipo sakufuna kumutaya.

Chimene chidandikhudza n'chakuti mtsikanayu akulira maliro a mwana wamoyo. Imfa imakhala ndi manda, anthu amakupepesa, chisoni n'kuyamba kuphwa. Uyu alibe manda oti akalirepo, motero chisonicho chikusanduka khumbo lomudya usana ndi usiku. Nawonso mayi wolerayo akugwira mwanayo mwamphamvu chifukwa cha mantha. Onse awiri akumukonda, koma chikondi chawo chikufika pomuyesa katundu wolimbirana.

Pena filimuyi imayenda pang'onopang'ono, ndipo zokamba zina zimatalika. Komabe sikukakamiza woonera kuda mmodzi mwa amayiwa. Chala chikuloza bambo amene adayambitsa zonsezi.

Mlamu wanga adakhala chete mpaka filimu idatha. Kenako adati: “Iyitu ndi nkhani ya kwathu.” Sadaname. Ndi angati m'boma lino amene adapita ku Joni kukasaka ndalama n'kusiyira agogo kapena azakhali khanda? Akabwerako atanyamula zovala ndi mafoni, mwana amathawira kumbuyo kwa agogo. Agogo nawo amaumitsa khosi: “Mudali kuti pamene ankadwala malungo?” Mkangano ukabuka, aliyense amatchula zimene adavutika, koma palibe amafunsa mwanayo kumene mtima wake uli.

Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. N'zoona. Koma amene adachezera naye usiku kuchipatala ndi mayinso. Ngati kwanu kuli mwana wotere, oneraniko filimuyi pamodzi, wobereka ndi wolera, musanakatule nkhani kwa ankhoswe kapena kwa amfumu. Mukatero, muitaneni mwanayo, mumve zake.